Zimene zapezeka pa utsi woyera wa galimoto yanga

M'mbuyomu ndinafunsa chimene chimachititsa kuti galimoto yanga ya petulo izitulutsa utsi woyera ku ekizozi, ndipo ambiri munayankha kuti ndi nthunzi chabe. Yankho limeneli ndi loona pa galimoto zambiri, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chifukwa chinyontho chimene chimakhala m'paipi chimasanduka nthunzi yomwe imatha injini ikatentha.

Utsi wa galimoto yanga sunkatha ngakhale nditayenda mtunda wautali, unkanunkhira motsekemera, ndipo madzi a mu radiator ankachepa popanda kudontha pansi. Makaniko anatsegula chivundikiro cha radiator injini ili yozizira, ndipo atailiza tinaona thovu likukwera mosalekeza. Kenaka anayeza mpweya wotuluka pamenepo ndi mankhwala a buluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa m'silinda, ndipo mtundu unasinthadi. Pulagi imodzi inali yoyera ngati yotsukidwa, chomwe chinasonyeza silinda imene madzi amalowamo. Vuto linali head gasket yopsa, yomwe ndi gasiketi yotseka pakati pa silinda hedi (chigawo chapamwamba cha injini) ndi thunthu la injini kuti madzi, oyilo ndi utsi zisasakanikirane.

Amene munati ndiyang'ane ngati oyilo watuwa chifukwa chosakanikirana ndi madzi dziwani kuti anali wabwinobwino, choncho oyilo wosatuwa si umboni wakuti gasiketi ili bwino, pakuti imatha kubooka pakati pa njira ya madzi ndi silinda pokha. Silinda hedi yapita kukayezedwa ngati inapindika ndi kutentha, chifukwa gasiketi yatsopano singagwire pa hedi yopindika.