Kodi shuga ndi mafuta ophikira zili ndi mtengo wa boma?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni. Makasitomala ku golosale kwanga akumandiopseza kuti akanena ku boma chifukwa shuga akugulitsidwa mopitirira "mtengo wa boma". Koma kooda komweko belo wakwera kale. Kodi lamulo loika mtengo wa shuga, mafuta ophikira ndi ufa lilipodi? Nanga munthu angadziteteze bwanji?

Yankho 1: Achimwene, choyamba siyanitsani katundu. Amene boma limaika mtengo wosayenera kupitirira ndi petulo, dizilo, palafini, gasi ndi magetsi, kudzera ku MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira zilibe mtengo wotero. Umene anthu amautcha wa boma nthawi zambiri ndi mtengo umene kampani yopanga, monga Illovo, imalangiza ogulitsa. Koma musati ndiye mwamasuka. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 linapatsa CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, mphamvu zolipiritsa chindapusa palokha, mpaka 10 peresenti ya ndalama zimene kampani yagulitsa pa chaka. Zimene amasakasaka ndi izi: kubisa katundu kuti asowe, kukweza mtengo mopanda chifukwa chomveka, kupangana mtengo ndi anzanu a pamsika, komanso kukakamiza munthu kugula tiyi kuti mumugulitse shuga.

Yankho 2: Kuwonjezerapo, chitetezo chanu ndi pepala. Belo aliyense amene mwaoda, tengani risiti yokhala ndi tsiku ndi dzina la holoselo. Mu kope lembani mtengo wa belo, transipoti ndi ya wonyamula, muphatikize, mugawe ndi mapaketi 20 a 1kg amene ali m'belomo. Chotulukacho ndiye mtengo umene paketi yafikira pa shelefu, phindu muziika pamwamba pa pamenepo. Akabwera oyendera amafuna kuona kusiyana kwa kogula ndi kogulitsa. Ambiri amagwa m'mbuna chifukwa anaoda kwa munthu wa kuseri wopanda risiti, ndiye mtengo wonse wokwerawo umaoneka ngati aukweza okha. Lembaninso mitengo pa katoni poonekera, ndipo mabelo asamakhale kuchipinda pamene shelefu ili mbee. Kumeneko ndiye kubisa katundu kumene akunenako.

Membala wosatchula dzina: Zikomo kwambiri. Nanga chimanga? Paja chaka chilichonse pa wailesi amalengeza mtengo.

Yankho 1: Umenewo ndi wina. Unduna wa Zaulimi umalengeza mtengo wotsikitsitsa wogulira mbewu kwa mlimi nthawi yokolola. Ndi wotetezera mlimi kwa mavenda, si malire a mtengo wogulitsira pa msika. Vuto lake, venda amavomera mtengowo pakamwa n'kukabera pa sikelo, kapena kugula ndi ndowa yodzaza mpaka pamwamba. Sikelo ya malonda iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, yokhala ndi chizindikiro chawo. ADMARC ikachedwa kutsegula misika kapena ikakhala yopanda ndalama, mlimi wofuna fizi ya mwana amagulitsa pa mtengo uliwonse, cholengezedwacho chimangotsala papepala.

Yankho 3: Pali ena amene amati boma lingoika mtengo pa chilichonse, ine ndingoyankha amenewo. Taonani za mafuta a galimoto. Kuyambira 2012 pali ndondomeko yoti mtengo uzisinthidwa ndalama zoitanitsira mafuta zikasintha kupitirira 5 peresenti. Ikasiyidwa kuti mtengo ungokhala pomwepo, oitanitsa amagulitsa moluza, ngongole zimaunjikana, ndalama zakunja n'zosowa kale. Mapeto ake mizere pa malo omwetsera mafuta, pomwe mafuta omwewo ali m'zigubu pa msewu pa mtengo wowirikiza. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodalira zipangizo zakunja, monga mafuta ophikira, chinakwera ndithu. Lamulo silingatsitse mtengo wa dola.

Yankho 2: Zoona, komatu ena amakweza katundu wakale amene anaoda kwacha isanagwe, tsiku lomwelo. Ameneyo ndiye wokanena. Wogula asunge risiti, ajambule mtengo pa shelefu, alembe tsiku ndi malo, apereke dandaulo ku CFTC. Ngati ndi mafuta a galimoto kapena gasi, ku MERA. Kudandaula pa Facebook pokha sikutsegula fayilo.