Pisitoni ya kumbuyo ikukana kulowa pa Passat ya buleki ya batani

Wophunzira ntchito: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Passat B6 ya 2008, ndikusintha mapadi a kumbuyo. Ilibe handibuleki yokoka, ndi ya batani. Pisitoni ndaikankha ndi kilampu, siikusuntha olo pang'ono. Ndiipotokole ngati mmene timachitira ndi zinazi?

Madala a mabuleki: Chotsani kilampuyo msanga, aphwanga, musanaphwanye kanthu. Zomwe munazolowera zija ndi za kebulo: mukakoka handibuleki, kebulo imagawikana pawiri n'kukakoka kamkono ka pa kalipa (chitsulo chokhala ndi pisitoni, chomwe chimapanitsa mapadi pa disiki), kapena kukatambasula mashuzi m'kati mwa dilamu. Kalipa yamtundu umenewo ndi yomwe pisitoni yake timaibweza mozungulitsa. Yanuyo yang'anani kuseri kwake, muona kabokosi kakuda kapulasitiki kali ndi pulagi ya mawaya awiri. Mmenemo muli mota ndi timagiya tozungulitsa bawuti yaitali, ndipo nati ya pa bawutiyo ndi imene imatsamira pisitoni m'kati. Mapadi akamatha, natiyo imasendera kutsogolo. Panopa mukulimbana ndi nati imeneyo.

Wophunzira ntchito: Koma batani ndamasula, madala. Nyali ya P yazima.

Madala a mabuleki: Batani limabweza nati pang'ono chabe, kuti mapadi angosiya disiki. Kuti ibwerere mpaka kumapeto pamafunika makina olumikizana ndi kompyuta ya galimoto.

Wamawaya: Zoonadi. Lumikizani makina pa OBD, pulagi yoyezera galimoto ya pansi pa dashibodi, ndipo pa makinawo mulowe mu nambala 53, ya parking brake. Pa basic settings, 007 ndi yotsegula. Mumva mamota akulira, dikirani mpaka atasiya okha. Mukatero pisitoni muikankhe molunjika, osaizungulitsa, ilowa mosavuta. Koma choyamba bwezerani kalipa pa disiki ndi mapadi akalewo. Batani likadinidwa kalipa ili lende, mota ikankha pisitoni mpaka kutuluka, mafuta a mabuleki n'kutayikira pansi.

Chinanso chomwe anthu amachipeputsa ndi batire. Ikani chaja nthawi yonseyi. Kompyuta ya buleki imadziwa kuti mapadi agwira poona kuchuluka kwa magetsi omwe mota ikukoka, ndiye batire ikafooka ntchito imaimira pakati, nyali n'kuyaka.

Wina wa pagalaja: Ine ndimangozula pulagi n'kupatsa mota 12V kuchokera ku batire. Imabwerera bwinobwino.

Wamawaya: Imabwereradi, achimwene, sindikukana. Koma palibe chokuuzani kuti nati yafika, ndipo mukapitirira mumadya timagiya tapulasitiki tija. Ndinalandirapo galimoto yotero, mbali imodzi ikugwira, inayo mota ikungolira. Mwana akuphunzira ntchito, tisamuyambitse ndi njira imeneyo makina alipo.

Wophunzira ntchito: Zatheka! Pisitoni zonse ziwiri zalowa, mapadi atsopano ndamanga. Nditseke tsopano?

Madala a mabuleki: Pondani kaye buleki kangapo mpaka ilimbe, muonenso mafuta m'kabotolo. Kenako 006 kutseka, 010 kuyesa, mufufute mafoti (zolakwika zomwe kompyuta yasunga). Musanaipereke kwa mwini wake, kaimikeni pamtsetse, mudine batani, muchotse phazi pang'onopang'ono.

Wophunzira ntchito: Yaima nji, ndipo palibe nyali yoyaka. Zikomo kwambiri, akuluakulu.