Live ya mapemphero ikumauma tchalitchi chikangodzaza

Wa Makamera ku Chilomoni:
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Lamlungu lililonse timaulutsa mapemphero pa Facebook ndi pa YouTube, makamaka chifukwa cha akhristu athu amene ali ku Joni ndi ku Leeds. Kamera ndi imodzi yodzera pa capture card, kachipangizo kolowetsa chithunzi cha kamera mu kompyuta, mawu ndimatenga pa mikisa, zonse zimakumana mu OBS, pulogalamu youlutsira live, pa laputopu, intaneti ndi ya MiFi ya 4G. Ndikayesa Loweruka zonse zimayenda myaa. Koma Lamlungu anthu akangodzaza, chithunzi chimayamba kuuma, abusa amangoima kukamwa kuli yasa, kenako live n'kuduka. Dzulo yaduka kanayi. Komanso mawu akumatsogola, milomo n'kumatsatira m'mbuyo. Akuluampingo akuti tigule laputopu ina. Ndivomere?

Madala a Studio:
Musagule kanthu kaye achimwene. Mu OBS pitani pa View mutsegule Stats nthawi imene live ikuyenda. Pali mizere itatu yofunika. Ikamakwera nambala ya rendering lag kapena ya encoding lag, ndiye kuti laputopu yalemedwa. Ikamakwera ya dropped frames, yomwe pambali pake alemba network, laputopu ilibe mlandu, msewu ndiye wachepa. Munaona iti? Mutiuzenso bitrate yanu, kuchuluka kwa data imene mukutumiza pa sekondi.

Wa Makamera ku Chilomoni:
Madala, ndinajambula sikirini dzulo lomwelo. Ziwiri zoyambazo zili pafupifupi pa ziro. Ya network inafika 31%. Bitrate ndinaika 4500 kbps pa 1080p, mawu 160. Ku YouTube ndimatumiza padera ndi plugin, ma setting ake ndi omwewo. Speedtest Loweruka inandipatsa 24 Mbps.

Mlongo wa Sound ku Area 25:
Achimwene, 24 imeneyo ndi download kapena upload? Ambiri timagwera pamenepa chifukwa nambala ya download ndi imene imatuluka koyamba, ndiponso ndi yosangalatsa m'maso. Inu simukukoka, mukukankha.

Wa Makamera ku Chilomoni:
Ndachita manyazi achemwali. Ndi download. Upload inali 10 ndi pang'ono.

Madala a Studio:
Ndiye tiwerenge limodzi. 4500 kuphatikiza 160, kawiri, ndi 9320 kbps. Loweruka mukudutsa movutikira pa 10 Mbps ija, m'tchalitchi muli inu nokha ndi mabenchi. Lamlungu mwalowa anthu mazana, aliyense foni m'thumba, ndipo ambiri akukanganirana nsanja imodzimodzi imene MiFi yanu ikugwira. Upload ikatsika kufika 4, katundu wa 9 adutsa pati? RTMP, njira imene OBS imatumizira live, imayenda pa TCP, pamene chilichonse chotayika panjira chimatumizidwanso, mzere umatalika, OBS n'kuyamba kutaya mafelemu kuti isatsalire kwambiri. Ndi kuuma mukukuonako. Bandulo nayonso ikupsa: 9320 kbps ndi ma GB oposa 4 pa ola. Mapemphero a maola atatu, msungichuma sakudandaula?

Wa Makamera ku Chilomoni:
Amadandaula mwezi ndi mwezi, amaganiza kuti ndimaonera mpira.

Mlongo wa Sound ku Area 25:
Funso lina musandiseke. Pasiwedi ya MiFi akuidziwa ndani? Kwathu tinavutika miyezi iwiri, kudzapeza kuti inalembedwa pa kapepala kumbuyo kwa MiFi, theka la kwaya linalumikiza. Mafoni aja akangomva Wi-Fi amayamba okha kutumiza zithunzi ndi mavidiyo a sabata yonse kokasunga. Lowani mu admin ya MiFi muone mafoni angati alumikiza, sinthani pasiwedi, ndipo laputopu muilumikize ndi waya wa USB. MiFi yeniyeniyo ikhale pawindo, osati pansi pa tebulo la mikisa pakati pa mawaya.

Wa Maseva:
Zonsezi n'zoona, koma kutumiza kawiri kuchokera m'tchalitchi ndiye kukupheraninso. Tumizani kamodzi ku seva yanuyanu, seva igawe. Lipirani ka VPS kakang'ono, kaseva kobwereka pa intaneti, ngati n'kotheka ka ku Johannesburg kuti kakhale pafupi, muikepo pulogalamu ya nginx yokhala ndi rtmp module. OBS itumize kumeneko pa port 1935, ndiye mu config mulembe push iwiri, ina ya YouTube ina ya Facebook. Seva sikusintha kalikonse pa chithunzi, ikungokopera, n'chifukwa chake kotchipa komwe kamakwanitsa. Chenjezo: Facebook imalandira RTMPS yokha, RTMP yotetezedwa, pa port 443, pomwe module ija siidziwa RTMPS. Pamafunika stunnel pakati, pulogalamu yosandutsa RTMP kukhala RTMPS, kapena ffmpeg yokhala ndi -c copy. Musasiyenso khomo pululu. Dzina la application likhale lovuta kulota, apo ayi munthu wachilendo adzatumiza zake n'kutulukira pa peji ya mpingo. Kutseka ndi IP sikuthandiza chifukwa IP ya MiFi imasinthasintha.

Madala a Studio:
Bwana wa maseva, nzeru ndi yabwino, koma mnyamatayu ali yekha. Stunnel ikagona pakati pa ulaliki adzaitana ndani? Ine ndikuti Lamlungu likubwerali atumize ku malo amodzi okha, link aigawe ku WhatsApp. Atsitse afike pa 720p, mafelemu 30, 2000 kbps, CBR (bitrate yosasinthasintha), keyframe (chithunzi chathunthu) masekondi 2 aliwonse, mawu 128. Ndi pafupifupi 1 GB pa ola. Oonera ambiri ali pa foni, 1080p sakuiona n'komwe. Mu Settings, pa Advanced, ayatse ija yosintha bitrate yokha netiweki ikathina. Chithunzi chimafewa pang'ono koma sichiduka. Za seva aphunzire mkati mwa sabata.

Wa Maseva:
Sinditsutsa madala. Config ndimutumizira ku inbox, tiyesere limodzi Lachitatu madzulo.

Mlongo wa Sound ku Area 25:
Za milomo zija ndi nkhani ina, sizikukhudzana ndi netiweki. Mawu a pa mikisa amafika msanga, chithunzi chimachedwa mu kamera ndi mu capture card. Imikani munthu kutsogolo kwa kamera aombe m'manja kamodzi, mujambule, muone kusiyana kwake. Mukatero pitani pa Advanced Audio Properties muwonjezere Sync Offset ya mikisa kuti mawu achedwe pang'ono, yambani ndi 200 ms muzikweza kapena kutsitsa. Koma mukaona kuti poyamba zili bwino, pofika nthawi ya chopereka zatalikirana, onani sample rate, liwiro limene mawu amajambulidwira. OBS ndi sound card mu Windows zonse zikhale 48 kHz, pasakhale ina pa 44.1.

Wa Makamera ku Chilomoni:
Ndabwera ndi lipoti la Lamlungu. Pa MiFi ndinapeza mafoni 9, imodzi ya mayi busa, sindinanene kanthu, ndangosintha pasiwedi. Speedtest ya nthawi ya nyimbo zotamanda inapereka upload ya 3.8. Ndinatumiza ku YouTube kokha pa 2000 kbps, maola atatu osaduka, dropped frames sanafike 1%. Sync yakhazikika pa 260 ms. Chatsala n'chakuti mkulu wina anakhala panja ndi foni, akuti live ikuchedwa masekondi pafupifupi 20 poyerekeza ndi sipika. Ndalakwitsanso pati?

Wa Maseva:
Palibe. YouTube imadula vidiyo m'tizidutswa, foni imayamba yasunga tingapo isanaonetse, kuti netiweki ya woonera ikagwedera asaone kuuma. Mu YouTube Studio mukhoza kusankha low latency kapena ultra-low, koma amene ali ndi netiweki yofooka adzayamba kudandaula za kuzungulira. A ku Leeds sipika yanu sakuimva, isiyeni pa normal. Lachitatu likubwerali mubwere ndi stream key ya Facebook, kiyi yachinsinsi yotumizira live ku peji, koma musaiponye muno m'gulu.