Thandizeni, ma meatballs a nkhumba akungophwasukira m'chiwaya

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi vuto la kukhitchini, musandiseke. Ndimaweruka 5 koloko, ndipo ndi mizere ya minibasi ija ndimafika ku Area 25 kutada kale, ana atatu akudikira pakhomo ndi njala yawo. Ndiye ndinaganiza zoti pakati pa sabata ndizipanga ma meatballs a nyama ya nkhumba, poti sachedwa kupsa ngati nyama yamafupa imene imadya makala ola lathunthu.

Lachiwiri ndinagula theka la kilo ya minsi ya kapado. Ndinachita kumuuza mnyamata wa pabutchala kuti andigayire yofiira yokhayokha, mafuta ayi. Kunyumba ndinakwecha anyezi awiri akuluakulu pa gireta, n'kuthira adyo, jinja, curry ndi kambuzi mmodzi. Ndinaumba timipira tokula ngati mandimu. Magetsi anali atapita, ndiye ndinakazingira pa mbaula, moto uli lawilawi. Nditangoti nditembenuze, theka linakakamira pansi, lina linamwazika. Anayi amene anapulumuka anali akuda bii kunja, koma nditadula limodzi mkati munali mofiirabe. Bambo a kunyumba anangosuzumira m'chiwaya n'kufunsa kuti, "Mayi, mumafuna kuphika chiyani kwenikweni?"

Ndinalakwitsa pati? Ndikufuna njira yoti pasanathe mphindi 40 tikhale titadya.

Mayi wina wa ku Zingwangwa:
Asisi, dzira munaikamo? Pamene mwatchula zonse zija sindinalionepo.

Wofunsa:
Ayi, sindinaikemo. Ndimayesa nyamayo imagwirana yokha.

Bambo wophika pa lesitilanti ina ku Mzuzu:
Mayi, dzira likufunikadi, koma nkhani inayamba kulakwika pabutchala paja. Minsi yopanda mafuta imauma ngati utuchi. Pa magawo asanu, limodzi likhale mafuta, ndipo nyama ya paphewa imakhala ndi mlingo umenewo mwachibadwa. Kenako anyezi. Awiri okwecha pa theka la kilo ndi madzi okhaokha amenewo. Tengani mmodzi wamng'ono, mukakwecha mufinyire pakansalu koyera, mudzadabwa ndi madzi amene atuluke.

Ine pa theka la kilo ndimaviika masilayisi awiri a buledi wadzulo mu mkaka masupuni anayi kapena asanu mpaka akhale phala. Ndimathiramo dzira limodzi, mchere supuni yaing'ono imodzi, adyo mano atatu, jinja wotalika ngati kachala, curry supuni yaing'ono. Adyo, jinja ndi kambuziyo sinjirani limodzi mu kamtondo ndi mchere uja, kuti wina asadzalume chidutswa cha tsabola payekha. Ndiye sakanizani ndi dzanja mpaka nyamayo iyambe kumata m'zala. Mcherewo ndi umene umaichititsa kumata, choncho osauthira kumapeto. Musanaumbe onse, kazingani kachidutswa kamodzi mulawe. Mukaumba kale mchere simungaukonzenso.

Mayi wa ku Zingwangwa:
Ine buledi ayi. Ndimathira ufa wa tirigu masupuni awiri basi, sanandiphwasukirepo.

Bambo wa ku Mzuzu:
Saphwasukadi, mayi, koma akazizira mutha kugendera nawo mango. Ufa ndi wogubuduzamo kunja pang'ono, ngati mukufuna.

Mayi wa ku Zingwangwa:
Ana anga amadya n'kupempha ena. Aliyense ndi khitchini yake, bambo.

Mtsikana wina wa ku Zomba:
Komanso kukula ngati mandimu n'kumene kunakupwetekani. Chepetsani, akhale ocheperako kuposa dzira la nkhuku yachikuda, pa theka la kilo mutuluke 18 kapena 20. Nyowetsani manja poumba. Pa mbaula dikirani malawi athe, makala achite phulusa loyera pamwamba. Mukawaika m'mafuta asiyeni, manja kumbuyo, mphindi zitatu. Likachita kakhungu pansi limadzimasula lokha, mukaligwedeza ndi supuni limasuntha. Likamakana ndiye kuti nthawi yake sinakwane. Ndipo musadzaze chiwaya, kazingani maulendo awiri.

Chinanso chimene ndinaphunzira kwa azakhali anga: osalimbana kuti apsere m'mafuta. Angofiira kunja, muwachotse. M'chiwaya chomwecho kazingani anyezi wotsala uja ndi matimati anayi, thirani kapu ya madzi, abwezereni mu msuzimo, vindikirani mphindi 12 mpaka 15 pamoto wochepa. Mpunga wa Kilombero ukhale ukupsa pambali, zonse zimathera limodzi.

Bambo wina wogwira ntchito za ziweto:
Ine ndiyankhapo za kufiira mkati kuja, poti enanu mukungodutsa. Amenewo musanapatse ana. Nyama yogaya imasiyana ndi yodula, chifukwa tizilombo tomwe tinali pamwamba makina amatilowetsa mkati monse. Iyenera kufika madigiri 71 pakati penipeni. Ngati mulibe choyezera, dulani lalikulu kuposa onse, pasakhale pofiira ndipo madzi ake atuluke oyera. Chachiwiri, nkhumba zoyenda zokha m'midzi zina zimakhala ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga m'minofu, amenewo ndi ana a njoka zam'mimba. Pa nyama yathunthu mutha kutiwona, koma ikagayidwa simungatizindikire. Sankhani chidutswa nokha, chiyang'aneni, akugayireni mukuona.

Wofunsa:
Ofiirawo ndinawabwezera pamoto, bambo, mpaka anasanduka miyala. Koma za timatuzazo zandiopsa, sindimayang'ana n'komwe.

Mayi wina wa ku Mangochi:
Ife nkhumba sitidya, koma njira yomweyi ndimapangira ya ng'ombe ndipo imatheka bwinobwino. Ndimangowonjezera masamba a coriander oduladula. Ndawerenga kuti ndibe nzeru ya buledi woviikayo.

Mlongo wina wokhala ku Johannesburg:
Kuno amawatcha frikkadel. Amathiramo coriander wogaya, nutmeg ndi cloves pang'ono kwambiri, ndipo ambiri amawotcha mu uvuni pa madigiri 180 kwa theka la ola, osaima pachitofu. Cloves yo samalani nayo, ndinachulutsapo kamodzi, nyumba yonse inanunkha ngati kwa dokotala wa mano.

Wofunsa:
Achemwali, uvuni ndili nayo, koma imadalira magetsi omwewo. Nanga ndingaumbe Lamlungu n'kusunga a sabata yonse?

Bambo wa ku Mzuzu:
Osaphika ayi, tsiku limodzi kapena awiri basi mu firiji. Ophika amafika masiku atatu kapena anayi, firijiyo ikamazizira bwino. Ndi kuzimazima kwa magetsiku ine sindingadalire. Bola muumbe usiku, mugoneke m'mbale yovindikira, mawa lake mukaweruka n'kungokazinga. Ozizira amagwirananso bwino kuposa ongoumba kumene.

Wofunsa:
Ndabwerera kudzapereka lipoti. Dzulo ndinagula chidutswa cha paphewa, mnyamata wa pabutchala anadabwa kuti lero ndikufuna mafuta. Ndinaumba 19 usiku. Lero ndafika 6:20, pofika 7 koloko tinali tikudya ndi mpunga ndi kabichi. Limodzi lokha ndi limene laphwasuka, ndipo ndi limene ndinaligwira msanga chifukwa cha mtima wapachala. Vuto latsopano ndi kambuzi, wamng'ono wa zaka zinayi wamwa makapu awiri a madzi akulira koma osasiya kudya. Ndingapatule ake ndisanathire tsabola, kapena pali tsabola wina wonunkhira koma wosawawa?

Mtsikana wa ku Zomba:
Patulani ake asanu kaye, muwaumbe ataliatali kuti musawasokoneze m'poto. Kapena ikani paprika mu onse, kambuzi mumusinje payekha akhale patebulo.