Chevelle ya 1970 yolembedwa SS 396, akufuna madola 52,000: mtengowu ndi woyenera?

Wa ku Dayton:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru ndisanatulutse ndalama zomwe ndakhala ndikusunga zaka zisanu ndi zinayi. Kuno ku Ohio, ulendo wa ola limodzi kuchokera komwe ndimakhala, kuli bambo ena achikulire amene akugulitsa Chevrolet Chevelle ya 1970, ya zitseko ziwiri, yofiira, ya mizere iwiri yakuda pa boneti ndi pa buti. M'mbali mwake mwalembedwa SS 396, kutanthauza Super Sport, mtundu wamphamvu wa Chevelle, ndipo 396 ndi kukula kwa injini mu ma cubic inch. Giya ndi ya pamanja, magiya anayi. Akufuna madola 52,000, ndipo akuti satsitsa kwenikweni chifukwa anaona pa TV ina yofanana nayo ikugulidwa pa okushoni ya Mecum pa mtengo woposa pamenepo kutalitali.

Loweruka ndinapita kukaiona. Atangoiliza, zitini zomwe zinali pa shelefu m'galajamo zinayamba kunjenjemera, ine mtima unangoti myaa. Galimoto imeneyi ndakhala ndikuilakalaka kuyambira tsiku lomwe ndinaona inzake pa chionetsero cha magalimoto akale, ndipo sindikubisa, ndikuifuna. Tinayenda nayo mamailosi ngati khumi. Imakoka bwino, situlutsa utsi, koma giya yachiwiri imalowa movutirako injini isanatenthe. Penti ikuwala, kungoti pansi pa galasi lakumbuyo, chakumanzere, ndinaona timatuza titatu. M'buti muli kapeti yatsopano yomatidwa ndi guluu, sindinathe kuitukula. Mita ikuonetsa mamailosi 61,000.

Title, pepala la umwini wa galimoto, ili m'dzina lawo kuyambira 2006, ndipo malisiti a penti ndi a ntchito ya injini ali mu envulopu. Koma nditafunsa chosonyeza kuti inatuluka ku fakitale ili SS, anangondilozera zilembo za m'mbalizo. Nambala yake ya VIN, ija galimoto iliyonse imapatsidwa ku fakitale, ikuyamba ndi 13637. Ndinayesa kuifufuza pa Carfax, webusayiti yoonetsa mbiri ya magalimoto, sizinatheke.

Ndiye mtengo woyenera ndiudziwa bwanji? Sindikufuna kuwadyera masuku pamutu bambowa, komanso sindikufuna kulipira za SS pa galimoto yomwe si SS.

Makaniko wopuma, Michigan:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanasiye dipoziti. Ndagwira m'mainjini amenewa zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni mosapsatira: pakali pano simukudziwa galimoto yomwe mukugula, ndiye za mtengo zidikire kaye.

Tiyambe ndi 13637 yanuyo. 1 ndi Chevrolet, 36 ndi Malibu (mtundu wina wa Chevelle) ya injini ya V8, 37 ndi bodi ya zitseko ziwiri. Basi. Za SS mulibe. Kuyambira 1966 mpaka 1968, SS 396 inali ndi nambala yakeyake yoyamba ndi 138, koma kuyambira 1969 SS inasanduka chongowonjezera pa Malibu, chomwe pa mapepala a 1970 chimalembedwa Z25. Chilembo cha injini chinayamba kulowa mu VIN mu 1972. Kutanthauza kuti Malibu yomwe inatuluka ndi ka injini ka 307 ndi SS 396 yeniyeni, nambala zawo zimayamba chimodzimodzi. Ndipo zonse zooneka ndi maso zimagulidwa zatsopano lero: zilembo, boneti yotukuka pakati, dashibodi ya mamita ozungulira, labala wakuda wa pa bampala yakumbuyo. Munthu waluso amazimanga kumapeto a sabata imodzi.

Umboni weniweni ndi build sheet, pepala lomwe linkayenda ndi galimoto pa mzere wa m'fakitale. Ogwira ntchito ankalisiya paliponse: pakati pa masipuling'i a mpando wakumbuyo, pansi pa kapeti, kapena pamwamba pa thanki ya mafuta. Pemphani muchotse mpando wakumbuyo, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Funsaninso za Protect-O-Plate, kachitsulo ka walanti komwe kankamatidwa pa kabuku ka walantiyo. Onaninso chilembo chachisanu ndi chiwiri cha VIN, chimasonyeza fakitale. Mukapeza 1, ndiye kuti ndi ya ku Oshawa ku Canada, ndipo muli ndi mwayi, chifukwa zolemba za magalimoto a kumeneko zinasungidwa ndipo mutha kuitanitsa. Za mafakitale a ku America kuno, monga K wa Kansas City kapena B wa Baltimore, mwayi wotero palibe.

Mukatero mupite ku injini ndi tochi ndi nsanza. Kutsogolo kwa buloko, mbali ya pasenjala, pali kamalo kosalala komwe anadindapo manambala. Payenera kukhala manambala asanu ndi limodzi omaliza a VIN ya galimotoyo. Musangowerenga manambala okha, yang'anitsitsani chitsulocho. Cha ku fakitale chimakhala ndi timizere tosaoneka bwino tolunjika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mukaona timizere tozungulira, kapena posalala ngati galasi, ndiye kuti anapala, ndipo manambala alionse omwe alipo anadindidwa pambuyo pake. Kumbuyo kwa buloko kuli deti lomwe chitsulocho chinaumbidwa. Liyenera kutsogola pang'ono deti la pa trim tag, kachitsulo ka pansi pa boneti komwe, mwachitsanzo, 03B ndi sabata yachiwiri ya Malichi. Injini singabadwe pambuyo pa galimoto yake. Giyabokosi ya pamanja yotchedwa Muncie nayo imakhala ndi manambala omwewo a VIN. Mwa njira, musadabwe mukamva kuti 396 ya chaka chimenecho ndi 402 kunena zoona, anaikuza pang'ono koma dzina anasiya lomwelo.

Tsopano mtengo. Pamenepa pali magalimoto atatu ovala malaya amodzi: SS ya mapepala ndi injini yake yobadwa nayo, SS ya mapepala koma injini ina, ndi Malibu yovekedwa za SS. Iliyonse ili ndi msika wake. Mukadziwa kuti yanuyi ndi iti, fufuzani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zofanana nayo zomwe zagulidwadi m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi. Ndikuti zogulidwa, osati zotsatsidwa, pakuti wotsatsa amalemba chomwe mtima wake ukufuna. Bring a Trailer, okushoni ya pa intaneti, imasunga zotsatira zake pamodzi ndi zithunzi, Mecum ndi Barrett-Jackson chimodzimodzi. A Hagerty, kampani ya inshuwalansi ya magalimoto akale, amaika magalimoto m'magulu anayi, 1 kukhala yopita nayo ku mpikisano, 4 kukhala yoyenda koma yotopa. Pafupifupi wogulitsa aliyense amene ndakumana naye amati yake ndi 2, ukaikweza m'mwamba n'kupeza kuti ndi 3.

Ya pa TV ija afunseni bwino bambowo. Mwina inali LS6, ya injini ya 454 ndi 450 horsepower, yomwe anapanga 4,475 zokha. SS 396 wamba inali ya 350 horsepower. Komanso mtengo wa ku okushoni zikuluzikuluzo umaphatikiza gawo lomwe wogula amalipira eni okushoni, kawirikawiri 10 peresenti, ndipo wogulitsa naye amadulidwa yake. Ndalama yomwe inaoneka pa TV si yomwe mwini galimoto anapita nayo kunyumba.

Mayi wa Road Runner, Arizona:

Zomwe anena bambo a ku Michigan ndi zoona zonse, koma ine maso anga aima pa timatuza titatu tija ndi kapeti yomatidwa ndi guluu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto yanga yoyamba yakale ndinaigula kumpoto komweko, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Inalinso ndi timatuza pansi pa galasi lakumbuyo, wogulitsa n'kundiuza kuti ndi penti chabe. Tsiku lomwe wowotcherera anachotsa galasilo ndinali pomwepo. Mphepete monse momwe galasi limakhala munali ngati bisiketi, akagwira ndi chala n'kumayoyoka. Madzi ankalowa pamenepo zaka ndi zaka n'kumatsikira m'buti, ndipo pansi pa kapeti panali lata lomangidwa ndi maliveti, lopakidwa phula. Ndinalira, chifukwa ndalama yomwe ndinasungira mipando yonse inathera pa chitsulo chomwe palibe amene adzachione.

Ma Chevelle amadwalira malo omwewo: pansi pa galasi lakumbuyo, pansi pa buti, m'munsi mwa bodi kuseri kwa matayala akumbuyo, pansi pa galasi lakutsogolo, ndi pomwe bodi imakhalira pa chasesi. Tengani maginito ofooka, aja omata pa firiji, muwakulunge m'kansalu kuti asakale penti, muyende nawo m'munsi monse. Pomwe akugwa, pali fila. Ndipo musapereke ngakhale dola imodzi galimotoyo isanakwezedwe m'mwamba ku galaja yomwe mwasankha inu. Chasesi muigogode ndi kahamala, makamaka kuseri kwa matayala akumbuyo. Injini yotopa imakonzedwa pa mtengo wodziwika. Dzimbiri mtengo wake umadziwika akatsegula.

Mamailosi 61,000 aja musawawerengere. Mita za nthawi imeneyo zili ndi manambala asanu, zikafika 99,999 zimabwerera pa ziro. Popanda malisiti otsatana chaka ndi chaka, akhoza kukhala 161,000. Carfax yakana chifukwa imawerenga VIN ya zilembo 17, yomwe inayamba mu 1981, pomwe yanuyo ndi ya 13.

Ine n'chifukwa chake kachiwiri ndinagula Plymouth. Pa Road Runner yanga ya 1970, RM23 ya koyambirira kwa VIN ikunena yokha kuti ndi Road Runner, ndipo N pa malo achisanu ndi injini ya 383. Akanakhala R, ikanakhala injini yamphamvu ya Hemi. Sizithetsa chinyengo chonse, koma pokambirana mtengo mumayambira pa chinthu cholembedwa.

Wa Mustang ya 1969:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono, akuluakulu. Mukumuopseza mnzathuyu ngati Malibu yovekedwa za SS ndi chinthu chonyansa. Ayi. Yanga ndili ndi Marti Report yake, pepala lochokera m'zolemba za Ford, ndipo limanena poyera kuti sinabadwe ndi injini yomwe ilimo. Ndinalipira mtengo wogwirizana ndi zimenezo, ndipo ndimayenda nayo sabata iliyonse popanda mantha oti ndiphwanya injini yosapezekanso. Anzanga a mapepala onse amaziyendetsa pa ngolo.

Ngati chomwe chinakugwirani mtima ndi kulira kwa injini kuja, achimwene, chimenecho chilipo kale, kaya ndi SS kaya ayi. Chongofunika, mulipire mtengo wa Malibu. Ndipo bambowo muwalankhule mwaulemu, n'kutheka nawonso anaigula mu 2006 akukhulupirira zilembo zomwezo. Mukagula, inshuwalansi mutenge ija mumagwirizana mtengo wa galimoto pasadakhale, osati ya galimoto yopitira kuntchito.

Wa ku Dayton:

Zikomo kwambiri nonse, ndinasindikiza mayankho anu n'kupita nawo dzulo. Bambowo sanavute, anandithandiza okha kuchotsa mpando.

Pansi pa mpando palibe pepala, tinangopezamo chipeso ndi ndalama zachitsulo. Chilembo cha fakitale ndi K. Pa buloko ndi posalala ngati galasi, palibe nambala ngakhale imodzi, ndipo lisiti lina mu envulopu muja likusonyeza kuti injini inapalidwa pamwamba pomwe ankaikonza mu 2009. Pa giyabokosi pokha, titapukuta girizi, manambala akugwirizana ndi VIN. Pansi pake pali difu ya mabawuti 12 ndi chitsulo chopingasa chakumbuyo choletsa galimoto kupendama pokhota, zomwe SS inkabwera nazo, zonse zadzimbiri lofanana ndi zinzake, sizikuoneka zomangidwa posachedwa.

Mayi a ku Arizona, munalasa. Maginito anagwa kuseri kwa tayala lakumanzere, malo otalika ngati dzanja langa. Titatukula ngodya ya kapeti tinapeza chigamba chowotcherera mwachisawawa. Chasesi yokha ndi yolimba, makaniko anaigogoda paliponse. Wowotcherera wa pa galajapo akuti kukonza pa galasi, buti ndi mbali imodziyo, pamodzi ndi penti yake, ndiyembekezere madola 9,000, ndipo akhoza kukwera akachotsa galasi.

Ndinawaonetsa bambowo zogulidwa zisanu zomwe ndinapeza, n'kutchula 33,000. Anakhala chete nthawi yaitali atagwira chitseko cha galimoto, kenako anati 41,000. Ndinawamvera chisoni, zikuoneka kuti za chigamba chija sankazidziwa. Pamwamba pa thanki sitinaonepo. Kodi ndi bwino nditsitse thanki ndisanapitirize, kapena ndikhala ndikudzikwezera ndekha mtengo?

Makaniko wopuma, Michigan:

Tsitsani, achimwene, ndipo ntchitoyo mulipire ndinu. Giyabokosi ya manambala ogwirizana ndi difu imeneyo zikupereka chiyembekezo, ngakhale pazokha si umboni, chifukwa Malibu nayo inkatha kuitanitsidwa ndi Muncie. Koma musanamasule bawuti ngakhale imodzi, khalani pansi ndi bambowo mulembe mitengo iwiri pa pepala, nonse musayine: wina ngati build sheet yapezeka ndipo pali Z25 ndi nambala ya galimoto yomweyi, wina ngati palibe. Pa mitengo yonse iwiri muchotse 9,000 ya dzimbiri ija, ndipo pa wa SS mukumbukire kuti injini ilibe nambala, ndiye muiyerekeze ndi za injini ina. Pepalalo likapezeka musalikoke, limakhala louma ngati tsamba ndipo limamatirira ku thanki. Lijambuleni kaye lili pomwepo, kenako mulowetse kampeni kopyapyala pansi pake pang'onopang'ono.