Ndingaletse bwanji mapulogalamu odziika mu foda ya AppData pa kompyuta ya anthu ambiri?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kompyuta ndi imodzi, ya Windows 10 Pro, ogwiritsa ntchito ndi ambiri. Aliyense ali ndi akaunti ya Standard, ya Administrator ili payokha ndi mawu ake achinsinsi. Control Panel, Command Prompt ndi Registry Editor ndatseka kale podzera pa mmc (pulogalamu ya Windows yosonkhanitsira zida zoyang'anira kompyuta), n'kuikamo Group Policy Object Editor (chida choikira malamulo) ya gulu la Non-Administrators (onse osakhala oyang'anira), poti za mu gpedit.msc (chida choikira malamulo a kompyuta yonse) zimamanga aliyense, ndi woyang'anira yemwe.

Chavuta ndi ichi. Mapulogalamu ena, monga Chrome ndi Zoom, amatha kulowa mu AppData (foda ya akaunti iliyonse yosungira mafayilo a mapulogalamu) osafunsa mawu achinsinsi, chifukwa mwini akaunti ali ndi ufulu wolemba m'menemo. Ena safuna n'kuikidwa komwe, amangotseguka kuchokera pa flash kapena mu Downloads. Lamulo la "Don't run specified Windows applications" n'lofooka kwambiri: limayang'ana dzina la fayilo basi, munthu akangosintha dzina la .exe, yadutsa.

Kodi ndigwiritse ntchito AppLocker kapena Software Restriction Policies (zida za Windows zololera kapena kuletsa mapulogalamu) kuti azitseguka mapulogalamu a m'mafoda a Program Files ndi Windows okha? Nanga ma update a mapulogalamu ololedwa, omwe amayambira mu Temp (foda ya mafayilo akanthawi), mumawalola bwanji popanda kumasula foda yonseyo?