Makina osokera: ndigule kapena ndizipitabe kwa telala?

Nachisale (Machinjiri): Mwaswera bwanji abale. Ndithandizeni maganizo ndisanawononge ndalama. Mwezi uno chipereganyu cha kuntchito chagwera ine, ndipo mtima wanga uli pa makina osokera. Mayi wina ku Limbe akugulitsa a magetsi, a Brother, ogwirako kale ntchito kunja. Ndaonanso a Butterfly opalasa ndi mapazi, atsopano, m'shopu ina komweko. Chandikankha n'chakuti mwezi wathawu ndinapereka zitenje ziwiri kwa telala wina kuti andisokere jumpsuit (chovala chimodzi cholumikiza bulauzi ndi buluku) ya pachinkhoswe cha mng'ono wanga. Anandiyendetsa milungu itatu, bwerani mawa, bwerani mkuja. Ndinakaitenga m'mawa wa tsiku lachinkhoswe lomwelo. Poimirira inali bwinobwino, koma nditangokhala pampando inandikoka m'mapewa ngati wina wandimanga chingwe. Ndinaivula n'kuvala diresi lakale, misozi ili m'maso. Kusoka ndinaphunzirako pang'ono kwa mayi anga, mzere wowongoka ndimautha. Ndigule kapena ndalamayi ndichitire zina?

Nabanda (Bangwe): Achemwali, musagule. Ndikulankhula ngati munthu amene ali nawo m'nyumba. Ndinagula chaka chatha ndi mtima wangati wanuwo. Ndinasoka mapilo anayi ndi siketi imodzi, basi. Pano ali pamwamba pa wadirobu, ndinawafunditsa chitenje. Ndimanyamuka 6 koloko m'mawa kukadikira minibasi, kubwerako kutada, ndiye pali kuphika ndi homuweki ya ana. Loweruka ndi zochapa, kapena ukwati, kapena maliro. Pogula munthu umawerenga ndalama zokha, nthawi suiwerenga. Nanga inu mudzaipeza kuti?

Nankhoma (Limbe): Ine ndikusiyana nanu Anabanda. Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe ndipo ndimaona ndi maso anga amene amapindula. Belo likatsegulidwa m'mawa, zokongola zimapita nthawi yomweyo. Zotsala pamulu si kuti nsalu yake ndi yoipa ayi. Ena ndi madiresi akuluakulu oti Mmalawi alowemo awiri, ena mabuluku othothoka zipi, ena malaya achibambo ong'ambika pakhola pokha. Madzulo zimenezi timazisendeza pamtengo wongotaya. Pali amayi atatu amene amabwera nthawi imeneyo, sayang'ana sayizi, amangogwira nsalu ndi zala n'kutola. Mmodzi anabwera atavala siketi yomwe ndinamugulitsa ili malaya a XXL, mabatani omwe aja atatsika kutsogolo. Sindinaizindikire mpaka atandiuza yekha. Munthu wopanda makina zimenezi amangozidutsa.

Nabanda (Bangwe): Amayi atatuwo ali pantchito yolembedwa ngati Anachisale?

Nankhoma (Limbe): Mmodzi ndi mphunzitsi. Enawo ayi, kusoka ndiye ntchito yawo.

Telala wa ku Ndirande: Amayi Nachisale, pepani ndi zimene mnzanga wa ntchito anakuchitani. Ambiri timalandira nsalu zoposa manja athu, makamaka nyengo ya maukwati, ndiye timayamba kunamiza anthu. Sizabwino. Koma ndikuuzeni chimene chinalakwika pa jumpsuit yanuyo, chifukwa mukagula makina osachidziwa mudzalakwitsa chomwecho. Siketi ndi bulauzi zimakhululuka, chifukwa chilichonse chimayenda pachokha. Jumpsuit ndi chovala chimodzi kuchokera paphewa mpaka pansi, ndiye pali muyezo wina umene anthu amauiwala. Tepi imayambira paphewa pafupi ndi khosi, kutsika kutsogolo, kudutsa pakati pa miyendo, kukwera kumsana mpaka paphewa pomwe paja. Munthu akakhala pansi msana umatalika, ndipo chitenje sichitamuka. Ine ndimawonjezera masentimita 4 kapena 5 pamuyezo umenewo, ndipo poyesa ndimamuuza kasitomala kuti akhale pampando, akweze manja, awerame ngati akutola kanthu. Azimayi ena amachita manyazi kuyezedwa choncho ndi bambo, ndiye ndimawapatsa tepi akadziyeze kuseri kwa katani. China, chitenje chichapidwe kaye chisanadulidwe. Thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba.

Nachisale (Machinjiri): Achimwene, iyeyo anangondiyeza pachifuwa, m'chiuno, m'matako ndi kutalika kwa mwendo. Zokhala pampando sanatchuleko n'komwe.

Telala wa ku Ndirande: Ndi pomwepo pamene inafera. Koma musaitaye, ikhoza kukonzeka.

Anaphiri (Chilomoni): Ana anga, ndalowa mochedwa, ndinali ku Mvano. Ine ndili ndi Singer yopalasa imene anandisiyira mayi anga. Yakuda, ya maluwa agolide omwe anayamba kufufutika pamene dzanja limagwira. Inasoka mayunifolomu a ana anga onse asanu, lero ikusoka a zidzukulu. Chimene ndasinthapo ndi lamba wachikopa ndi masingano basi. Mafuta kadontho kamodzi pabowo lililonse, kupukuta fumbi pansi pa bobini, yatha. Inu a masiku ano mukukamba za jumpsuit momasuka, mukudziwa kuti ife tili atsikana sitikanayerekeza? Mu 1973 kunakhazikitsidwa lamulo la Decency in Dress Act, mkazi sankaloledwa kuvala buluku pagulu kapena siketi yoonetsa mawondo. Linachotsedwa mu 1993. N'chifukwa chake amayi a msinkhu wanga ambiri timadziwa kudula diresi ndi bulauzi koma buluku limativuta, sitinakule tikulidula. Ine ndinaphunzira nditakula kale, pochita kusula buluku lakale la abambo akunyumba n'kuyala zidutswa zake panyuzipepala. Nachisale mwana wanga, gula, koma gula opalasa. Kumbukira 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Anzanga a makina a magetsi ankangopinda manja, ine ndili pakhonde ndikupalasa.

Nambewe (Zingwangwa): Amayi Anaphiri, ndi ulemu wonse, ine ndiima ndi a magetsi. Butterfly yopalasayo imasoka mzere wowongoka wokha. Pachitenje ndi pa yunifolomu palibe vuto. Koma Anachisale akufunanso kukonza za kaunjika, ndipo zambiri za kaunjika masiku ano ndi nsalu zotamuka, zangati za T-shirt. Mukasoka nsalu yotamuka ndi mzere wowongoka, povala ulusi umangoti phwa! Pamafunika zigizagi. Zigizagi yomweyo ndi imene mumamangira m'mphepete mwa nsalu kuti isamayoyoke ngati mulibe ovaloko, makina apadera a ntchito imeneyi, ndiponso mabowo a mabatani.

Ndipo jumpsuit yoyamba musaidule kuchokera pachitenje. Yanga yoyamba ndinachita kulumikiza. Ndinatola buluku lakuda la miyendo ikuluikulu ndi bulauzi ya madontho, zonse zotsala pamulu. Bulukulo ndinalichotsa lamba wa m'chiuno ndi zipi yomwe, n'kutseka kutsogolo. Bulauzi ndinaivala, n'kukhala pampando, mng'ono wanga n'kulemba ndi choko pamene chiuno chafika, ndipo ndinadula masentimita 5 m'munsi mwa chokocho. Ndinalowetsa bulauzi m'kati mwa buluku, kumaso kukumana kumaso, n'kusoka mozungulira. Kenaka ndinapinda msokowo kupanga kanjira, n'kulowetsamo lasitiki ndi pini. Polowera thupi ndi pakhosi, chifukwa bulauziyo inali ya mabatani mpaka pansi. Madzulo amodzi zinatheka, ndipo ndinapita nayo ku bridal shower anthu n'kumandifunsa kuti ndinagula shopu iti.

Anaphiri (Chilomoni): Nanga magetsi akazima uli pakati pa msoko?

Nambewe (Zingwangwa): Ndimadikira amayi, kapena ndimalumikiza ku inverter ya sola. Kamota ka makina a m'nyumba sikadya magetsi ngati simbi kapena ketulo, kanga kanalembedwa mawatsi osafika 100. Ndikamadikira ndimakhala ndikusula misoko ndi kudula, ntchito siima.

Telala wa ku Ndirande: Nonse mukunena zoona. Panga pashopu ndili ndi opalasa, ndipo ndinawamangirira kamota kumbali. Magetsi akakhalapo ndimaponda pedulo, akazima ndimabwezera lamba. Ubwino wa Butterfly ndi wakuti anaipanga motengera Singer yakale ija, ndiye bobini, singano, lamba, zonse mumazipeza mumsika wa Ndirande kapena ku Limbe, ndipo wokonza aliyense amaidziwa. Koma za zigizagi achemwali a ku Zingwangwa sakunama.

Za Brother ya mayi wa ku Limbeyo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musatulutse ndalama musanawayese. Choyamba tembenuzani muwerenge kachitsulo kapena kapepala ka kumbuyo. Akalemba 110V kapena 120V ndiye kuti anachokera ku America, mukangowalumikiza pa soketi yathu ya 230V mota imapsa, pokhapokha mugulenso thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi. Ochokera ku UK alibe vuto, ngakhale pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu. Onetsetsani kuti pedulo ndi chingwe chake zilipo, chifukwa kupeza yogwirizana nayo n'kovuta. Pitani ndi zidutswa zitatu: chitenje, nsalu yopyapyala yoterera, ndi mpendero wa jinzi pamene nsalu yapindidwa katatu. Sokani zonse, kenaka muyang'ane kunsi kwa nsalu. Pamwamba pamatha kuoneka bwino kunsi kuli ulusi wa mpiringidzo ngati chisa cha mbalame. Mvetseraninso kulira kwake. Makina ambiri opepuka a masiku ano ali ndi magiya apulasitiki m'kati, likathyoka dzino limodzi amayamba kugogoda n'kumadumpha msoko. Mayi wina anandibweretsera otero, ndinamutumiza kwa wokonza, miyezi inayi giya osapezeka.

Nabanda (Bangwe): Mukuona Anachisale? Tangoyamba kumene, pabwera kale thiransifoma, inverter, giya. Ndipo palibe watchula sizasi yeniyeni yodulira nsalu, tepi, mapini, choko, ulusi wa mitundumitundu, mazipi, lasitiki, masingano osiyana a jinzi ndi a nsalu yotamuka. Zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kazipi kamodzi ukafunsa mtengo umayamba waima kaye. Onjezani nsalu zimene mudzawononge pophunzira. Tengani mtengo wa makinawo ndi zonsezi, mugawe ndi ndalama imene telala amakulipiritsani pa chovala chimodzi. Muone kuti musoka zovala zingati ndalama yanu isanabwerere. Ngati mumasoketsa katatu pachaka, ndi zaka zimenezo.

Nambewe (Zingwangwa): Masamu amenewo akusiya zing'onozing'ono, Anabanda. Zipi ya yunifolomu, mpendero wa buluku la abambo, thumba long'ambika, bedishiti yong'ambika pakati, katani. Pakhomo pa ana zimenezi zimabwera sabata ndi sabata, ndipo chilichonse kwa telala ndi ndalama, kuphatikiza ya kabaza yopitira ndi kukatenga. Ine makina anandibwezera ndalama pa zigamba, osati pa jumpsuit.

Nankhoma (Limbe): Ndipo aneba akangomva kulira kwa makina amayamba kugogoda okha.

Anaphiri (Chilomoni): Amagogoda inde, koma ambiri amati "ndikupatsani mawa". Pamenepo pamafunika kulimba mtima kuyambira tsiku loyamba, apo ayi udzasokera mudzi wonse ulere.

Nachisale (Machinjiri): Zikomo nonse, mutu wanga wadzaza. Zogulitsa sindikuziganizira panopa. Ndili ndi ana atatu ndi chikwama chathunthu cha zovala zimene sitivala, zina zandikulira, zina zangofa zipi. Chimene chikundiopsa ndi chimene anena Anabanda, nthawi. Koma ndikuopanso kuti ndikazengereza ndalamayi ithera mu ndiwo ndi makala, ndipo mwezi wamawa mtengo wa makina udzakhala wina.

Nabanda (Bangwe): Ndiye tichite chonchi achemwali. Bwerani mudzatenge angawa mukakhale nawo mwezi umodzi. Ndi a magetsi, zigizagi ali nayo, pedulo ilipo, ndinagula a 230V. Ndalama yanuyo ikani ku banki m'khonde kapena musungitse kwa munthu amene sangakupatseni mukaipempha ya ndiwo. Mwezi ukatha muwerenge zimene mwasoka. Chikwama chija chikatsika, ndikugulitsani pamtengo wa chibale, kapena mukagule amene mtima wanu wafuna. Chikakhala chodzazabe, mundibwezere, ndalama yanu ili yonse.

Anaphiri (Chilomoni): Apa ndiye mwalankhula mwanzeru mwana wanga. Koma ndikanali pa opalasa ine. Nachisale, tsiku lina udzabwere kuno udzayese kupalasa, phazi likazolowera sudzafunanso za ESCOM.

Telala wa ku Ndirande: Makina oti akhala chaka osagwira ntchito musangofikira kusoka. Chotsani kambale ka pansi pa singano, mupukute fumbi ndi kaburashi, muthire mafuta a makina, osati ophikira chifukwa amauma n'kumata. Ikani singano yatsopano, ya nambala 14 ikwana pachitenje, ya 16 pa jinzi. Muyambe mwayendetsa pa sanza kuti mafuta otsala asadetse chovala.

Nachisale (Machinjiri): Anabanda, Mulungu akudalitseni. Loweruka ndikachoka kumsika ndikwera ya ku Bangwe, ndikuimbirani ndikafika pasiteji. Achimwene a ku Ndirande, munati jumpsuit ija ikhoza kukonzeka. Ndiyambire pati?

Telala wa ku Ndirande: Ili ndi msoko m'chiuno, kapena anaidula yathunthu?

Nachisale (Machinjiri): Msoko ulipo, ndipo zipi ili kumsana, yatsika kudutsa pamsokopo.

Telala wa ku Ndirande: Ndiye zaphweka. Sulani zipi yonse kaye, kenaka msoko wa m'chiunowo, pang'onopang'ono osang'amba nsalu. Dulani lamba wa nsalu wa masentimita 8 m'lifupi, kutalika kwake kuzungulira chiuno chonse. Mukamusoka kumtunda ndi kumunsi, otsala oonekera akhala pafupifupi masentimita 5, ndiwo amene ankasowa aja. Zipi mugule ina yotalikirapo, yakaleyo ichepa. Zidutswa za chitenje anakubwezerani?

Nachisale (Machinjiri): Sanandibwezere ngakhale kachidutswa.

Nankhoma (Limbe): Musavutike, lamba wakuda amakhala bwino pachitenje chilichonse. Ndili ndi siketi yakuda yathonje yong'ambika kumunsi, ndikuikirani pambali. Mudutse pabenchi panga Loweruka musanakwere ya ku Bangwe.